Kapaipi ka pa Mimba ya a Rafaeli

"Inu alamu, mundiuze bwinobwino. Munthu uyu anadya liti?"

"Adya m'mawa, adyanso teni koloko. Mwafika nditangomaliza kutsuka sirinji."

"Ndikunena kudya ine! Kudya kwa pakamwa, kwa anthu. Munayamba liti kumuthira mchimwene wanga ngati mukuthira palafini m'nyali?"

Amene ankakuwa chonchi anali a Felista, mlongo wawo wamkulu wa alamu anga a Rafaeli Kalinde. Anali atangofika kumene kuchokera ku Nchema, ndipo kathumba kawo anali asanatule n'komwe. Amene ankayankha anali mlongo wanga Selestina, mkazi wa wodwalayo. Ine Benedict, amene amati mwini mbumba pamudzi pathu kufupi ndi Nguludi, ndinali pakhonde ndikumata tayala la njinga yanga ya kabaza. Makutu anga onse anali m'nyumba.

A Rafaeli inawagwira sitiroko mwezi wa Epulo. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita, ndipo choipitsitsa, kumeza kunakanika. Ngakhale madzi a supuni imodzi ankasochera n'kulowa m'chifuwa. Kuchipatala chachikulu ku Blantyre anawaika kapaipi pamimba, pamwamba pang'ono pa mchombo, kotalika ngati dzanja la munthu. Phala losefa, mkaka, madzi ndi mankhwala, zonse zinkadutsa mmenemo ndi sirinji yaikulu yopanda singano.

"Anabowola bwanji?" anafunsa a Felista. "Ndipo anakupatsani chilolezo ndani? Uyu pano ndi mkamwini. Munabwereka mphamvu zake, simunagule thupi lake. Eni ake ndife."

"Tinakuimbirani katatu, alamu, foni yanu inali yozima. Anesi a Hidaya anandilongosolera zonse ndisanadinde chala papepala. Anati amawabaya mankhwala kuti awodzere, kenaka adokotala amalowetsa chingwe chokhala ndi kamera ndi nyali kudzera pakamwa mpaka m'mimba. Nesi mmodzi amagwira mutu n'kumachotsa malovu ndi makina kuti asatsamwe. Akatero amazimitsa magetsi."

"Amazimitsa magetsi?"

"Ee, kuti aone kuwala. Nyali ija ikakhala m'kati, mimba imawala kunja, kufiira ngati khala la moto. Pamene pawala kwambiripo a Hidaya amadinapo ndi chala, adokotala n'kuchiona chalacho pakanema chikutukuza m'kati. Ndiye amadziwa kuti pobowola ndi pamenepa, palibe matumbo apingasa."

Mlongo wangayu ali ndi vuto limodzi: akaphunzira chinthu amachinena chonse, ngati mwana woti walakatula bwino kusukulu. Iye ankanyadira. Koma ine ndinamva kathumba kaja kakugwa pansi. A Felista atayankhulanso, mawu awo anali otsika kwambiri.

"Mumdima. Mimba ya munthu kuyaka moto mumdima. Ndipo inu mukunena mukumwetulira."

Ndiyenera kunena kuti nyengo imeneyo mphekesera za anamapopa, aja amati amayenda n'kumapopa anthu magazi, zinali zitadzukanso kwathu kuno. Palibe amene anamuonapo namapopa ndi maso ake, koma aliyense anali ndi msuweni wake amene anamuona. Anyamata anaika zipika pamsewu, m'khosi mwawo muli mawenzulo. Chiperoni nachonso chinakhazikika, chifunga chikutsika m'phiri la Chiradzulu n'kukhala tsiku lonse osachoka. Masana enieni munthu unkamva mapazi kutsogolo kwako osaona mwini wake.

A Felista sanabwerere ku Nchema. Anayala mphasa pafupi ndi bedi la mchimwene wawo n'kuyamba kuyang'anira. Sikisi koloko, teni koloko, thu koloko ndi madzulo, Selestina ankawakhazika tsonga amuna ake ndi mapilo, n'kutsegula kapaipi, n'kuthira madzi pang'ono, kenaka phala, kenaka madzi ena otsukira. A Rafaeli ankakhala pakamwa pali chitsekere, m'mimba mukulira chapansipansi, maso ali pazala za mkazi wawo. Zoona zake, ngakhale ine ndinkachita nthumanzi kuona munthu akukhuta osatafuna. Komabe masaya awo anali atayamba kubwerera, ndipo dzanja lamanzere linkatha kufinya langa mwamphamvu.

"Sayankhula, sadya, angoti maso tong'o," anatero a Felista tsiku lina, akuuza amayi amene anabwera kudzazonda. "Kwathu munthu wotere timamutcha ndondocha. Woti anamutenga kale, angosiya thupi kuti liziwagwirira ntchito."

"Alamu, akumva zimenezo," anatero Selestina. "Makutu awo ndi abwinobwino."

"Amve. Chibale ndi fupa, sichiola. Akudziwa amene akumumenyera nkhondo pano."

Nesi uja, a Hidaya, kwawo kunali ku Kadewere. Ankagwira ntchito ku Blantyre m'chipinda chomwecho choikira mapaipi, ndipo Loweruka lililonse, popita kukaona mayi awo, ankatsika minibasi pasiteji yathu. Ine ndinkawanyamula panjinga mpaka kunyumba kwa a Rafaeli. Anali mayi wamfupi, wampango woyera kumutu, wosachedwa kuseka. Akafika ankasamba m'manja nthawi yaitali mpaka kukutopetsa, n'kutsuka pabowo paja ndi madzi owiritsa, n'kutembenuza kapaipi kamodzi kuti kasamatirire mnofu. Kenaka ankalumikiza sirinji n'kukoka pang'ono kuti aone ngati chakudya cham'mawa chagayika, n'kubwezeranso momwemo. Pomaliza ankawanyowetsa a Rafaeli milomo ndi kansalu.

"Pakamwa ayi, ngakhale dontho," ankatero nthawi zonse. "Ndikudziwa n'zowawa kuona. Koma khomo la kummero kwawo silikutseka. Chimene mungawapatse pakamwa, china chikathera m'mapapo."

Loweruka loyamba a Felista anangoyang'ana. Nesi atapita, mpamene anayamba.

"Mumamulipira?"

"Ayi, amangotithandiza."

"Ndi mbale wanu? Mumapemphera naye?"

"Ayi, alamu. Iwo ndi achisilamu."

"Ndiye munthu si mbale wanu, si wa mpingo wanu, simumulipira, koma sabata ndi sabata akutsika minibasi m'chiperoni muno kudzakoka za m'mimba mwa mchimwene wanga. Galu wamkota sakandira pachabe, Selestina. Ine ndakula, sindinaonepo chifundo chotere."

Apa ndiye pamene pamandipsetsa mtima mpaka lero. Tafika poti munthu akakuchitira nkhanza timati ndi mmene alili anthu, koma akakuchitira zabwino timayamba kufufuza chimene wabisa. Ndikunena chonchi tsopano, koma tsiku limenelo ndinangoseka nawo pang'ono n'kutuluka.

Loweruka lachitatu Selestina analawirira kuchigayo kukagayitsa soya wa phala. Ine ndinatsala pakhomo ndikudzoza tcheni cha njinga. Ndinamva kutsokomola m'nyumba, kutsokomola konyowa, kosalekeza. Nditasuzumira pawindo ndinaona a Felista atakhala pabedi, mutu wa mchimwene wawo uli pachifuwa pawo, kapu ili m'manja. Linali thobwa la mawere, lofiirira lija, limene anaphika dzulo lake. Ankawamwetsa ndi supuni, akuwatchula dzina la paubwana limene ine sindinalimvepo. A Rafaeli ankatsamwa, misozi ikutuluka, nkhope ikuda, koma akapeza mpweya ankanyambita milomo n'kutsegulanso pakamwa.

"Alamu, anesi analetsa zimenezo," ndinatero.

"Tamuonani mmene akunyambitira. Miyezi itatu munthu osalawa kanthu! Inu a Benedict, mukanakhala inu?"

Ndinamva chisoni, ndipo chisonicho chinandipusitsa. Ndinaima pawindopo mpaka kapu inatha, kenaka ndinakwera njinga kukatenga anesi.

Titafika tinapeza Selestina wabwerako, ndipo pakhonde panali amayi anayi kapena asanu amene a Felista anawaitana kuti adzaone okha. A Hidaya anapereka moni, anasamba m'manja, n'kuika chomvetsera chawo pachifuwa pa wodwala. Anamvetsera nthawi yaitali, kumanja, kumanzere, kumsana. Kumwetulira kunachoka.

"Chifuwachi sichinali chonchi sabata yatha. Alipo amene wawapatsa kanthu pakamwa?"

"Palibe," anatero Selestina. "Ine ndawapatsa phala la sikisi koloko basi, loyera, la ufa woyera ndi mkaka."

A Felista anapinda manja n'kuyang'ana kumbali. A Hidaya analumikiza sirinji n'kukoka monga mwa masiku onse. Masiku onse munkabwera zoyera. Tsiku limenelo sirinji inadzaza pang'onopang'ono ndi zofiirira, za misere, ndipo kuwala kochepa kwa pawindo kunazifiiritsa kwambiri. Amayi aja anali atadzaza pakhomo. Mmodzi anagwira pakamwa.

"Magazi!" anakuwa a Felista. "Mayo ine, magazi a mchimwene wanga! Anthuni bwerani mudzaone, tamugwira masanasana!"

Sindikudziwa ngati a Felista anaiwaladi za thobwa lija pa nthawiyo, kapena ngati anakumbukira n'kusankha kukuwa. Ndaganizira zimenezi kambirimbiri. Mwina iwonso sadziwa.

Wenzulo inalira kumunsi kwa mudzi, ina inayankha chakumsewu, inanso kutsidya kwa dambo. Ndinatuluka panja. Chifunga chinali chitatseka mpaka nthochi za kuseri kwa nyumba, ndipo anthu ankangotulukira mmenemo mmodzimmodzi, opanda phokoso, ena atanyamula mipini, ena miyala. Anali anthu oti ndimawadziwa, oti ndawanyamulapo panjinga popita kusikelo ndi kumaliro, koma nkhope zawo tsiku limenelo zinali zachilendo.

A Hidaya anatuluka sirinji ili m'manja, atainyamula m'mwamba kuti aliyense aone.

"Abale anga, awa si magazi. Magazi a m'mimba saoneka chonchi. Ichi ndi chakumwa chimene wina wawapatsa. Nunkhizani nokha." Palibe amene anasendera. Anatembenukira kwa ine. "A Benedict, inu munali pakhomo pano m'mawa. Mwaona chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata wina kumbuyo anati, "Ameneyotu ndi amene amamunyamula. Sabata iliyonse, panjinga yakeyo."

Maso onse anabwera pa ine. Ndinaganiza za nyumba yanga ya udzu, za ana anga, za njinga imene imatidyetsa.

"Ine ndinali kusiteji kuyambira m'mawa," ndinatero. "Sindinaone kanthu. Ine ndimangonyamula aliyense amene wandiimitsa."

A Hidaya anandiyang'ana kanthawi. Sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa. Mwala woyamba unagunda sirinji ija n'kuigwetsera m'maluwa a pakhonde. Wachiwiri unawapeza pamwamba pa diso, mpango woyera uja n'kuyamba kudontha magazi. Wina analanda chikwama chawo n'kuchikhuthulira pansi, mabandeji ndi magolovesi zili mbwee m'matope.

Amene anachita chamuna tsiku limenelo anali Selestina. Anavula chitenje chake n'kuwafunditsa anesi kumutu, n'kuwakumbatira.

"Amene akufuna kugenda agende ine! Ndinabadwira pano, mchombo wanga uli pansi pa mtengo uwo. Gendani!"

Anayenda nawo choncho, atawakumbatira, kudutsa pakati pa anthu mpaka kumsewu, gulu likuwatsata pambuyo. Ali pafupi kulowa m'chifunga, a Hidaya anatembenuka n'kufuula, osati kwa anthuwo koma kwa ife apakhomo.

"Kapaipi kasachoke! Kakachoka muthamange nawo tsiku lomwelo, bowolo silichedwa kutseka! Ndipo chifuwacho apite nacho kuchipatala lero!"

Selestina anakawakweza minibasi. Anatenga mwina ola limodzi kupita ndi kubwera. Ola limenelo linakwana. Ine ndili chiimire pabwalo ngati chitsa, a Felista ndi amuna awiri analowa m'nyumba. Ndinamva kubuula kumene sindinamvepo kwa munthu, kotuluka pakamwa posatha kupanga mawu. Kenaka a Felista anatuluka atanyamula kapaipi kaja ndi nsonga za zala, kakulendewera, kumapeto kwake kuli kambale kakang'ono kamagazi. Amenewo ndiye anali magazi enieni. Anakaponya pamoto pamodzi ndi zinthu za anesi, ndipo fungo la pulasitiki linakhala pamudzi mpaka mawa lake.

Selestina atabwera n'kuona nsanza itamangidwa pamimba pa amuna ake, sanalire. Anabwera kwa ine.

"Achimwene, tengani njinga. Tiwamangirire kumbuyo tipite nawo. Anesi anati tsiku lomwelo."

A Felista anakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula.

"Apite kuti? Akamalize magazi otsalawo? Munthu uyu ali ndi eni ake. Ngati mwatopa naye, nenani, timutenge tipite naye ku Nchema. Koma kuchipatala sapita ine ndili moyo. Mapanga awiri avumbwitsa. Mwayesa zanu miyezi itatu, tsopano tiyese zathu."

"Achimwene, yankhulanitu. Inu ndinu mwini mbumba."

Pamwambo wathu a Felista sankanama: mwamuna wa chikamwini akadwala kwambiri, mawu omaliza amakhala a abale ake. Ndinabisala kuseri kwa mwambowo, chifukwa unali malo abwino obisalapo. Anyamata aja anali adakali pamsewu ndi zipika zawo, ndipo dzina langa linali litatchulidwa kale kamodzi.

"Tidikire zinthu zizizire, mlongo wanga," ndinatero. "Masiku awiri okha."

M'masiku awiriwo bowo linatseka. Panangotsala kachipsera kofiira, konyowa pang'ono.

A Felista anayamba kuwadyetsa pakamwa poyera, phala, thobwa, madzi a mizu ina yochokera kwawo. Supuni iliyonse inali nkhondo. Zambiri zinkabwerera m'mphuno, zina zinkatsikira kumene anesi ananena. Tsiku lachitatu thupi linatentha. Tsiku lachisanu kupuma kwawo kunkamveka uli panja, kukhoroma konyowa ngati madzi akuwira m'ketulo. Selestina anayesa kupita yekha kukaitana a zaumoyo, koma amayi a pamjigo anamuuza mosabisa kuti akabweretsanso munthu wachikwama pamudzi, nyumba yake ipsa.

Ndiye a Rafaeli anayamba kuchita chinthu chimene sindidzaiwala. M'nyumbamo munalibe wotchi, koma sikisi koloko ikakwana, dzanja lawo lamanzere linkayenda pang'onopang'ono, n'kugwira malaya, n'kuwakweza mpaka pachifuwa. Kenaka ankagogoda pakachipsera paja ndi zala ziwiri, maso ali pa Selestina. Teni koloko chimodzimodzi. Thu koloko chimodzimodzi. Sankaphonya.

"Bwerani mudzaone!" a Felista ankaitana anthu odutsa. "Akuloza yekha pamene anamupopa. Ngakhale wosayankhula amadziwa kupereka umboni."

Anthu ankalowa, n'kuona, n'kupukusa mitu, n'kutuluka akunong'onezana. Selestina ankagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanjalo.

"Ndamva, bambo a Gracious. Ndamva kuti muli ndi njala. Ndilibe pothira."

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinalimba mtima n'kuuza a Felista kuti mawa, afune asafune, ndikabwereka galimoto. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, chifukwa nawonso sankagona ndipo anali ataonda.

"Bwanji sakuchira, alamu?" anandifunsa motsitsa. "Ndachotsa choipacho. Ndikumudyetsa ndi manja anga, monga ndinkachitira ali mwana. Bwanji sakuchira?"

Galimotoyo sinafunikenso. M'mawa mwake, dzuwa litatuluka koyamba m'masabata atatu, ndinamva a Felista akulira kuseri kwa nyumba. Ndinalowa. Selestina anali yekha ndi amuna ake. Anali atawatseka kale maso, ndipo tsopano ankamasula zala zawo chimodzichimodzi pamalaya amene anali atakwezedwa mpaka pachifuwa. Anatsitsa malayawo n'kuwasalaza bwinobwino.

"Khalani pansi, achimwene," anatero osandiyang'ana.

Ndinakhala pamphasa ya a Felista.

"Sirinji ija ndinaitola m'maluwa tsiku lomwe lija. Ndinainunkhiza. Linali thobwa."

"Mlongo wanga..."

"Ine ndinali kuchigayo. Popita ndinakusiyani pakhonde mukudzoza tcheni. Pobwera ndinapeza mafuta anu ali pomwepo, osatseka. Kusiteji munapita teni koloko."

Ndinafuna kunena za ana anga, za nyumba ya udzu, za miyala. Zonse zinali zoona, ndipo palibe chimodzi chimene chikanatuluka pakamwa panga m'chipinda chimenecho.

"Alamu anga aja ndingawakhululukire," anapitiriza Selestina. "Iwo anamupha akuganiza kuti akumupulumutsa. Inu mumadziwa." Anafunditsa mtembo nsalu mpaka kumutu. "Uthenga wa maliro ku Nchema ndituma ena. Inu mupite ku Kadewere. Lero ndi Lolemba, koma ndamva kuti anesi adakali kwa mayi awo, diso silinapole. Mukawauze kuti wodwala wawo wapita, ndipo mukawauze chimene munaona pawindo. Musatume munthu, musaimbe foni."

Ndinatulutsa njinga. Msewu unali woyera, zipika zija anyamata anali atazichotsa kuti adutsitse ngolo za nandolo, ndipo anthu ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ku Kadewere nyumbayo sinavute kupeza. Pakhonde panali mayi wamfupi atakhala pampando, bandeji ili kudiso, akusankha mpunga m'lichero. Anamva kulira kwa tcheni changa n'kudzutsa mutu.

"A Benedict," anatero, akuika lichero pansi. "Mwabwera. Kapaipi kali bwanji?"